Ku chionetsero cha ndege cha Paris, Africa ikadali kumapeto kwa mzere

Kuyambira pa 16 mpaka pa 22 Juni 2025, bwalo la ndege la Le Bourget, lomwe lili kumpoto kwa mzinda wa Paris m'dziko la France, linalandira anthu pafupifupi 300,000 amene anabwera ku chionetsero cha ndege chimene chimachitika pamalopo kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Makampani oposa 2,000 ochokera m'mayiko oposa 40 anayala malonda awo, kuyambira ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, ndege zankhondo ndi mainjini, mpaka mipando, matayala, mawaya ndi timabawuti.

Chionetserochi ndi chakale kwambiri pa zionetsero zonse za mtundu umenewu. Chinayamba m'chaka cha 1909 m'nyumba ya Grand Palais pakati pa mzinda wa Paris, ndipo chinasamukira ku Le Bourget m'chaka cha 1953. Pabwalo lomweli ndi pamene Charles Lindbergh anatera m'chaka cha 1927 atawoloka nyanja ya Atlantic yekha kuchokera ku New York osaima paliponse.

Mlendo wofika koyamba amayamba ndi kutopa. Amakwera sitima ya pamtunda kuchokera mumzinda, kenaka basi, kenaka amaima pamzere wautali kuti achitetezo amusece, zonsezi padzuwa la mwezi wa Juni lomwe ku Ulaya limakhala loswa mtengo. Koma nthawi ya masana ikakwana amaiwala zonse. Ndege yankhondo ya Rafale imadutsa chapansipansi ndi mkokomo wogwedeza chifuwa, ndipo ndege yaikulu ya Airbus A350, pokhala ilibe anthu kapena katundu, imanyamuka chonjanja ngati ikufuna kuima chilili m'mlengalenga. Aliyense amayang'ana kumwamba, foni ili m'manja.

Masewera amenewa sachitika popanda chiopsezo. M'chaka cha 1973 ndege ya Tupolev Tu-144 ya dziko la Soviet Union inagwa pamudzi wa Goussainville, kufupi ndi Le Bourget, ndipo anthu 14 anafa, asanu ndi atatu mwa iwo ali pansi. Mu Novembala 2025 ndege yankhondo ya Tejas ya dziko la India inagwa pa chionetsero cha ku Dubai n'kupha woyendetsa wake. Ngakhale zili choncho, makampani sanasiye kuulutsa ndege zawo pamaso pa anthu, kaamba koti kuulukako ndiko kutsatsa malonda.

Koma anthu amene chionetserochi chinapangidwira nthawi zambiri sayang'ana kumwamba. Iwo amakhala m'tinyumba toyera tomwe tandandalikidwa m'mphepete mwa msewu wa ndege, momwe munthu salowa popanda kuitanidwa. M'menemo akuluakulu a makampani a ndege, a mabanki, nduna za maboma ndi akazembe a nkhondo amasainirana mapangano. Masiku anayi oyambirira, Lolemba mpaka Lachinayi, ndi a anthu a malonda okha. Pamene zipata zikutsegulidwira anthu wamba Lachisanu, akuluakulu ambiri amakhala atabwerera kwawo ndipo msika weniweni umakhala utatha. Zimene zimagwirizanidwa m'masiku anayiwo ndi zomwe zimanena kuti zaka khumi zikubwerazo ndani adzakhala ndi ndege zatsopano, ndani adzakhalire zakale, komanso kuti tikiti idzagulidwa ndalama zingati, ngakhale ku mayiko amene sanatumize munthu ku Paris.

Chionetsero cha 2025 chinatsegulidwa kuli chisoni ndi mantha. Pa 12 Juni, kutatsala masiku anayi okha, ndege ya Boeing 787 ya kampani ya Air India inagwa itangonyamuka mumzinda wa Ahmedabad ndipo anthu 260 anafa. Mkulu wa Boeing, a Kelly Ortberg, analephereka ulendo wawo wa ku Paris ndipo kampaniyi sinalengeze malonda aakulu sabata yonseyo. Tsiku lotsatira ngoziyo, nkhondo inabuka pakati pa Israel ndi Iran. M'mawa wa tsiku lotsegulira, alendo anapeza malo a makampani ena a zida a ku Israel atatchingidwa ndi makoma akuda molamulidwa ndi boma la France, lomwe linati makampaniwo anakana kuchotsa zida zoukira zimene anaziyala. Nkhani ya zida za nkhondo inatenga malo aakulu kuposa zaka za m'mbuyo, pomwe mayiko a ku Ulaya akuonjezera ndalama za chitetezo potsatira nkhondo ya ku Ukraine.

Bwalo linatsalira Airbus. Kampani ya LOT ya ku Poland inaitanitsa ndege 40 za mtundu wa A220, Riyadh Air ya ku Saudi Arabia inaitanitsa ndege 25 za A350-1000, pomwe VietJet ya ku Vietnam inasaina chikalata chosonyeza kuti ikufuna ndege 100 za A321neo. Ziwerengerozi ndi zazikulu, komabe sizikufika pa zomwe zinachitika pabwalo lomweli m'chaka cha 2023, pamene kampani ya IndiGo inaitanitsa ndege 500 za Airbus pa tsiku limodzi ndipo Air India inatsimikiza pangano lake la ndege 470. Makampani awiri a dziko limodzi anadzisungira ndege 970 m'sabata imodzi.

Wowerenga nkhani zotere ayenera kusamala. Mabiliyoni a madola amene amalembedwa m'mitu ya nkhani kawirikawiri amawerengedwa pa mtengo wolembedwa m'buku, umene wogula wamkulu salipira. Akatswiri a malondawa amati wogula ndege zambiri amatha kuchotseredwa pafupifupi theka la mtengo, ndipo Airbus inasiya kusindikiza mitengo yotereyi chitadutsa chaka cha 2018. Mapangano ambiri amakhala atakambidwa kwa miyezi, ndipo amangosungidwa kuti adzalengezedwe pomwe pali atolankhani ambiri. Komanso si zonse zolengezedwa zimene ndi malonda otsimikizika. Pali oda yeniyeni imene wogula waperekapo chikole, pali chikalata chongosonyeza cholinga, ndipo pali mwayi wodzagula m'tsogolo umene kampani itha kuugwiritsa ntchito kapena kuusiya. Zonsezi zimaphatikizidwa pamodzi pa tsiku lachisangalalo.

Ndege ya Boeing 777X ndi chitsanzo chabwino. Inalengezedwa pa chionetsero cha ku Dubai m'chaka cha 2013, makampani monga Emirates anaitanitsa zambiri, ndipo lonjezo linali loti yoyamba idzaperekedwa m'chaka cha 2020. Yakhala ikuoneka pa zionetsero zingapo, anthu n'kumaombera m'manja nsonga za mapiko ake zimene zimapindika. Mu Okutobala 2025 Boeing inalengeza kuti yoyamba idzafika kwa wogula m'chaka cha 2027. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chimene chimagulitsidwa ku Le Bourget si ndege yoti wogula anyamuke nayo ngati galimoto, koma malo pamzere. Pakutha pa chaka cha 2024, Airbus inali ndi ndege 8,658 zimene zinaitanitsidwa koma zisanapangidwe, pomwe m'chaka chonsecho inakwanitsa kupereka ndege 766. Pa liwiro limenelo mzerewo ndi wa zaka zoposa 11. Boeing inapereka ndege 348 zokha m'chaka chomwecho, ili ndi ndege zoposa 5,500 zodikira. Bungwe la makampani a ndege padziko lonse la IATA linanena mu Disembala 2024 kuti ndege zonse zodikiridwa zinafika 17,000. Kampani imene ikuitanitsa ndege ya A321neo tsopano ikuuzidwa kudikira mpaka zaka za m'ma 2030.

Zifukwa za kuchedwaku ndi zodziwika. Mliri wa Covid-19, umene unachititsanso kuti chionetsero cha Paris cha 2021 chilephereke, unachotsa ntchito amisiri ambiri odziwa ntchito m'mafakitale ang'onoang'ono amene amapanga zipangizo, ndipo ena sanabwerere. Mu Julayi 2023 eni ake a Pratt & Whitney analengeza kuti ufa wa chitsulo umene anapangira mbali zina za mainjini awo unali ndi zonyansa, zomwe zinachititsa kuti ndege mazanamazana ziimikidwe podikira kuti mainjini amasulidwe ndi kuunikidwa. Kumbali ya Boeing, chitseko cha ndege ya 737 MAX ya Alaska Airlines chitathothoka ili m'mlengalenga mu Januwale 2024, bungwe loyang'anira maulendo a ndege ku America la FAA linalamula kuti kampaniyi isapange ndege zoterezi zoposa 38 pa mwezi. Malirewo anakwezedwa kufika pa 42 mu Okutobala 2025.

Munthu atha kufunsa kuti zonsezi zikukhudza bwanji kampani yaing'ono ya mu Africa imene sinaganizepo n'komwe zogula ndege yatsopano. Zimaikhudza motere. Pafupifupi theka la ndege zonyamula anthu padziko lapansi si za makampani amene amaziulutsa, koma ndi zobwereka kwa makampani obwereketsa ndege monga AerCap ndi Avolon a mumzinda wa Dublin ku Ireland. Kale kampani yaikulu ikalandira ndege yatsopano inkabweza yakale, ndipo yakaleyo ndi imene inkatsikira kwa makampani ang'onoang'ono pa mtengo wofikirika. Tsopano poti zatsopano zikuchedwa, makampani aakulu akukakamira zakale. Lendi ya ndege yakwera, mainjini osinthira akusowa, ndipo malo ku magalaja okonzera ndege akudzaza. Wobwereketsa akakhala ndi ndege imodzi ndi oifuna asanu, amasankha amene ali ndi mbiri yolipira bwino m'madola. Kampani ya m'dziko losowa ndalama zakunja imakhala yomaliza, ndipo ikapatsidwa imalipira mtengo wokwera ndi chikole chachikulu.

Ngakhale amene anakwanitsa kugula zatsopano sanapulumuke. Air Tanzania inaimika zina mwa ndege zake za A220 kwa miyezi yambiri chifukwa cha mavuto a mainjini, ndipo EgyptAir inagulitsa ndege zake zonse 12 za mtundu womwewu m'chaka cha 2024. Kampani ya ndege 300 ikaimika zisanu imangosintha ndondomeko ya maulendo. Kampani ya ndege khumi ikaimika zitatu, imatseka njira.

Africa ili ndi anthu pafupifupi 18 pa anthu 100 alionse a padziko lapansi, koma gawo lake pa maulendo a pandege ndi pafupifupi 2 pa 100. Izi zimaonekera poyera pa chionetsero. Nthumwi za mu Africa zimabwera, nduna zimajambulitsa pafupi ndi ndege, koma amene amalowa m'tinyumba toyera tija n'kutulukamo ndi pangano la ndege makumi angapo ndi ochepa. Wodziwika pakati pawo ndi Ethiopian Airlines.

Pa chionetsero cha ku Dubai mu Novembala 2023, Ethiopian inasainirana ndi Boeing pangano la ndege 11 za 787-9 ndi ndege 20 za 737 MAX 8, pamodzi ndi mwayi wodzagula zina 36, zonse pamodzi 67. Boeing inati aka kanali koyamba kuti kampani ya mu Africa iitanitse ndege zake zochuluka chotero. Sabata yomweyo Ethiopian inasainanso chikalata ndi Airbus cha ndege 11 za A350-900. Ambiri anadabwa kuti kampaniyi yabwereranso ku 737 MAX, ndege imene inagwa pafupi ndi Bishoftu pa 10 Malichi 2019 n'kupha anthu 157. Koma padziko pali makampani awiri okha opanga ndege za msinkhu umenewu mochuluka, ndipo wogula amene wakwiya ndi mmodzi amakapeza mzere wa winayo uli wautali kwambiri.

Mphamvu ya Ethiopian sinabwere mwangozi. Kampaniyi inayamba maulendo ake m'chaka cha 1946, ndipo ngakhale ndi ya boma, maboma osiyanasiyana a ku Addis Ababa akhala akuisiya kuti iziyendetsedwa ngati bizinesi. Ili ndi sukulu yake yophunzitsa oyendetsa ndege ndi amisiri, komanso magalaja ake okonzera ndege ndi mainjini. Inali yoyamba mu Africa kulandira Boeing 787 m'chaka cha 2012 ndi Airbus A350 m'chaka cha 2016. Poti imagula kwa onse awiri, imatha kuwapikisanitsa pa mtengo.

Apa ndi pamene dziko la Malawi likulowa m'nkhaniyi. Boma la Malawi lili ndi masheya 51 pa 100 alionse m'kampani ya Malawi Airlines, pomwe 49 otsalawo ndi a Ethiopian. Kampaniyi inayamba maulendo ake mu Januwale 2014 ndi ndege za Boeing 737 ndi Dash 8 Q400 zochokera ku Ethiopian, zomwe zinafika zili ndi zilembo za ET za kaundula wa ku Ethiopia m'malo mwa 7Q za Malawi. Ethiopian ilinso ndi masheya mu Zambia Airways, imene inayambiranso kuuluka mu Disembala 2021, komanso mu ASKY ya ku Togo. Choncho pamene akuluakulu a Ethiopian akusaina pangano ku Dubai kapena ku Paris, akukonzanso tsogolo la makampani ang'onoang'onowa, chifukwa ndege zatsopano zikafika ku Addis Ababa ndi pamene zina zimapezeka zoti zipite ku Lilongwe, Lusaka kapena Lomé.

Amene akukumbukira Air Malawi sakondwera ndi mfundo imeneyi, ndipo m'pomveka. M'zaka za m'ma 1970 kampaniyo inkaulutsa ndege yake ya VC10 mpaka ku London, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inalandira Boeing 737 yatsopano. Koma inathera m'ngongole, ndipo boma linaitseka kumapeto kwa 2012, maulendo ake n'kuima mu 2013. Pa msika wa lero kampani yotere, ya ndege ziwiri kapena zitatu, ikanakhala paokha sikanamvedwa ndi wopanga ndege aliyense, ndipo injini imodzi ikawonongeka ikanadikira miyezi. Kutsamira pa mnzako wamkulu kumapereka ndege, amisiri, zipangizo zosinthira ndi maphunziro. Mtengo wake ndi wakuti ziganizo zazikulu za mtundu wa ndege ndi nthawi yozilandira zimadalira mapulani a kampani imene cholinga chake choyamba ndi kudzaza bwalo la Addis Ababa. Ku Mozambique mgwirizano wonga uwu sunakhalitse: Ethiopian Mozambique Airlines inayamba mu 2018 n'kutseka mu 2021. Mwini masheya 51 ayenera kukhala ndi akatswiri ake omvetsa bwino malonda a ndege, apo ayi kuchuluka kwa masheya kumangokhala kwa papepala.

Pali chinanso chimene chionetsero sichionetsa. Kutatsala masiku ochepa kuti Ethiopian isaine pangano lija ku Dubai, banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka kuchokera pomwe inaichepetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Lendi ya ndege, inshulansi, zipangizo zosinthira ndi mafuta zimalipiridwa m'madola kapena potengera dola, pomwe tikiti ya munthu wokwerera ku Lilongwe kapena Blantyre imagulidwa m'makwacha. Kwacha ikagwa, ngongole za kampani zimakwera tsiku lomwelo. Makampani akunja nawo amavutika kutumiza kwawo ndalama zimene apeza, ndipo zikafika poipa amachepetsa maulendo. Emirates inaimitsa maulendo a ku Nigeria m'chaka cha 2022 pa chifukwa chimenechi, ndipo inabwererako mu Okutobala 2024. Obwereketsa ndege amaziona zonsezi ndipo amaziwerengera poika mtengo.

Nkhani ya ku Paris imene inali pafupi kwambiri ndi wokwera ndege wa kuno sinalembedwe m'mitu ikuluikulu. Kampani ya Airlink ya ku South Africa, imene inatsegula maulendo ochokera ku Johannesburg kubwera ku Lilongwe ndi Blantyre m'chaka cha 2023, inalengeza kuti ibwereka ndege 10 zatsopano za Embraer E195-E2 kwa kampani yobwereketsa ya Azorra. Ndege khumi ndi kadontho poyerekeza ndi 500 za IndiGo, koma ndi ndege za msinkhu woyenera njira za kuno, kumene anthu okwera ndi ochepa ndipo mitunda ndi ya maola awiri kapena atatu. Ndege ya mipando 180 imene yanyamuka ili ndi anthu 70 imadya ndalama ulendo uliwonse. Zindikiraninso kuti Airlink sinagule, yabwereka, ndipo inachita zimenezi itapeza mnzake wandalama, popeza Qatar Airways inagula masheya 25 pa 100 m'kampaniyi m'chaka cha 2024.

Msika wa ndege zazing'ono ukucheperachepera. Dash 8 Q400, imene Amalawi ambiri anaizolowera pa ulendo wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, inasiya kupangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020. Izi zasiya kampani ya ATR ya mumzinda wa Toulouse, imene eni ake ndi Airbus ndi Leonardo ya ku Italy, ili pafupifupi yokha pa ndege zatsopano za mapulopela za mipando 50 mpaka 70. Wogulitsa akakhala yekha, wogula wamng'ono alibe ponenerera. Funso loti ndege zimene zikugwira ntchito m'njira zazifupi za m'chigawo chino zidzalowedwa m'malo ndi chiyani zikakalamba ndi lofunika kuposa la 777X, koma silikopa makamera.

Mlendo amene ali ndi nthawi angachite bwino kusiya kaye bwalo lowala n'kulowa m'maholo. M'menemo mulibe mkokomo. Muli matebulo ang'onoang'ono a makampani opanga zipangizo zothandiza ndege kuona njira ndi kutera kukachita chifunga, mawailesi olumikizana ndi nsanja, ma radar, makina ophunzitsira oyendetsa ndege ali pansi, ndi timabokosi tojambula zochitika m'ndege. Dziko losauka likapita ku chionetsero, kuno ndi kumene ndalama zake zochepa zingagule zambiri, chifukwa kampani ya ndege imabwera pabwalo pokhapokha bwalolo litakwaniritsa malamulo a chitetezo. Mu Januwale 2019 South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Blantyre akuluakulu oyang'anira maulendo a ndege a ku South Africa atapeza zoperewera pabwalo la Chileka, zokhudza mpanda ndi ntchito zozimitsa moto. Panalibe vuto ndi ndege iliyonse. Vuto linali pansi.

Dziko lino linaphunzira mfundo yomweyi mowawa pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga zochitika za ulendo, ndiponso kuti batire la kachipangizo kotumiza chizindikiro ndege ikagwa linatha ntchito m'chaka cha 2004. Zipangizo zimenezi siziletsa ndege kugwa. Ntchito yake ndi kulozera ofunafuna pomwe ndege yagwera ndi kuthandiza ofufuza kudziwa chimene chinachitika. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Tizipangizo totere timapezeka pa matebulo ang'onoang'ono aja, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ndege.

Za ndege za m'tsogolo zosawononga chilengedwe tinene mwachidule, poti malonjezo achuluka kuposa zooneka. Ndege yaing'ono yoyendera magetsi ya kampani ya Beta Technologies ya ku America inaulukadi pa chionetsero cha 2025. Koma makampani awiri a ku Germany amene anatchuka ndi mapulani a timatakisi touluka, Lilium ndi Volocopter, anagwa m'ngongole chakumapeto kwa 2024, ndipo Airbus inakankhira kutsogolo ndege yake yoyendera mpweya wa hydrogen. Chimene chayamba kale kukhudza matumba ndi lamulo la European Union loti kuyambira mu 2025 magawo awiri pa 100 a mafuta a ndege pa mabwalo ake akhale opangidwa kuchokera ku zinthu monga mafuta ophikira otha ntchito. Mafuta amenewa ndi okwera mtengo kwambiri kuposa a masiku onse, ndipo wolipira mapeto ake ndi wokwera.

Gawo limodzi lokha ndi limene Africa sinafike mochedwa: ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, zodziwika kuti ma drone. Rwanda inayamba kunyamulira magazi pa ma drone m'chaka cha 2016. Mu Juni 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyeseramo ma drone pa ntchito zothandiza anthu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe. Pa ma drone palibe mzere wa zaka khumi, ndipo wachinyamata wophunzitsidwa bwino atha kupanga ndi kukonza yake. Chodetsa nkhawa n'chakuti nkhondo ya ku Ukraine yakokera ndalama ndi akatswiri ambiri a ma drone ku ntchito za nkhondo, ndipo izi zinaonekeratu m'maholo a ku Le Bourget, momwe ma drone onyamula mabomba anachuluka kuposa onyamula mankhwala.

Chimene chingasinthe malo a Africa pamzere si kuchuluka kwa nthumwi zopita ku Paris koma kukula kwa msika kumudzi kuno. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro m'chaka cha 1999 kuti atsegulirane mlengalenga, ndipo mu Januwale 2018 bungwe la African Union linakhazikitsa ku Addis Ababa msika umodzi wa maulendo a ndege wotchedwa SAATM. Mayiko oposa 35 asaina, koma ambiri akupitirizabe kuteteza makampani awo, kuchepetsa maulendo a makampani a mayiko oyandikana nawo ndi kuika misonkho yokwera pa matikiti. IndiGo inatha kuitanitsa ndege 500 chifukwa imauluka m'msika umodzi wa anthu oposa biliyoni imodzi. Africa ili ndi anthu ochuluka chimodzimodzi, koma ogawikana m'misika yoposa 50, uliwonse ndi ziphaso, misonkho ndi ndalama yakeyake.

Amene akufuna kuona chionetsero chotere safunika kufika ku France. Cha Africa Aerospace and Defence chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri ku South Africa, ndipo mu Seputembala 2024 chinachitikira pabwalo la asilikali la Waterkloof pafupi ndi Pretoria. Kumeneko zida za nkhondo ndi ndege zazing'ono zimachuluka, ndipo maoda a ndege mazanamazana sakumveka. Ku Ulaya, Paris imasinthana ndi Farnborough ya ku England, yomwe imachititsa chake m'zaka zimene Paris ikupuma. Le Bourget idzatsegulanso zipata zake m'chaka cha 2027, ndipo pofika nthawiyo ndege zambiri zimene zinaitanitsidwa pamalopo mu 2025 zidzakhala zisanayambe n'komwe kupangidwa. IndiGo inauzidwa kuti ndege 500 zimene inaitanitsa mu 2023 zidzafika pakati pa 2030 ndi 2035.